Orval Petrik ndi Kaputeni Wake

Orval Petrik anagwetsa ndege zambiri kuposa munthu wina aliyense mu New York, koma mwini wakeyo sanakwerepo ndege ngakhale kamodzi. Munthu wake anali woti akangokwera pampando kuti asinthe babu, mawondo ankayamba kuwombana. Ndegezo ankazigwetsera m'chipinda chake cha lendi, pamwamba pa shopu ya wosoka nsapato, atavala vesiti ndi masilipasi, zala zili pamakina otayipira. Anthu a m'nyumbamo sankasowa wotchi. Makina akayamba kulira ankadziwa kuti kwacha, akaleka ankadziwa kuti Orval wapita kukadya.

Ankalembera magazini aja a pepala lokhakhala, ogulitsidwa pakona iliyonse, amene mwezi usanathe amakhala atasanduka achikasu. Chilichonse chimene akonzi ankafuna Orval ankawapatsa, kaya osaka golide m'nkhalango, kaya zigawenga za panyanja, kaya asilikali osochera m'chipululu. Nthawi zambiri chithunzi cha pachikuto chinkajambulidwa nkhani isanakhaleko. Ankangomuonetsa munthu akulendewera pa phiko la ndege, mpeni uli pakamwa, n'kumuuza kuti pofika Lachinayi akhale atapeza chifukwa chimene munthuyo wakwerera pamenepo. Ndipo ankachipeza ndithu. Koma chimene chinkamudyetsa kwenikweni chinali ndege za nkhondo. Mwezi ndi mwezi ankatulutsa nkhani imodzi yaitali ndi zina zifupizifupi, moti nthawi zina magazini yonse, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, inkakhala yake yekha atangosinthasintha mayina. Owerenga ankakangana kuti uje amalemba bwino kuposa uje, osadziwa kuti auje onsewo ndi munthu mmodzi, wadazi, wovutika ndi mano.

Malipiro anali senti imodzi pa liwu lililonse, n'chifukwa chake m'nkhani zake mfuti sinkalira kamodzi ayi, inkalira mpaka mzere udzaze. Ndipo panali lamulo limene iye ndi alembi anzake ankalisunga ngati la m'Baibulo: zimene walemba usaziwerengenso. Pepala likatuluka m'makina lizipita pamulu, mulu mu envulopu, envulopu kwa mkonzi. Wobwerera m'mbuyo kukakonza mawu, Orval ankatero, amagona ndi njala.

Dzina limene linatchuka linali la Kaputeni Brant Corley. Dzinali silinali la Orval. Analipeka ndi mkonzi wake, bambo Dugan, ndipo linali katundu wa kampani monga mmene inalili mipando ya mu ofesi. Dugan ankati anyamata safuna kumva za nkhondo ya mumlengalenga kwa munthu wotchedwa Petrik, amafuna kumva kwa amene anaiona ndi maso. Choncho Kaputeni ankasimba nkhani zake ngati zomuchitikira yekha, ndipo Orval analumbira kuti sadzauza munthu. Magazini itayamba kuyenda malonda, anthu anafuna kumuona Kaputeniyo, ndiye kampani inachita kulemba ntchito nkhope. Inapeza Tollefsen, woyendetsa ndege weniweni amene ankakweza anthu pa zionetsero za m'matauni ang'onoang'ono, chimunthu chachitali, cha chipsera pachibwano. Chipseracho anamupatsa ndi bulu ali mwana, koma ndani ankafunsa? Ankamuveka jekete lachikopa ndi sikafu yoyera n'kumuimika pafupi ndi ndege kuti azisayina magazini. Zolankhula zake zonse ankamulembera ndi Orval, poti Tollefsen akamusiya yekha pakamwa pake pankangotuluka za mafuta a injini ndi za akazi.

Zaka khumi ndi zinayi zinatha choncho. Orval ankadya pakauntala ya kalesitilanti ka pakona, nyemba ndi buledi ndi khofi wakuda, atayang'anizana ndi galasi la pakhoma limene linkamuonetsa munthu wina akudyanso nyemba yekha. Woperekera zakudya ankadziwa zimene amadya, koma dzina lake sanafunsepo. Alembi anzake ankakumana kamodzi pa sabata kumwa ndi kutukwana akonzi, koma Orval anapitako kawiri kokha. Ankangokhala kumapeto kwa tebulo akuwerengera mumtima masamba amene akanalemba nthawi imeneyo. Lamlungu ankapita kubwalo la ndege kukagulira amakaniko khofi kuti amuuze mmene injini imazimira ndi mmene phiko limathyokera. Akatero ankabwerera pa sitima, osalankhulanso ndi munthu mpaka Lolemba.

Komatu mwana anali naye. Mkazi wake Irma atamwalira, kamwanako, Nelda, kanali kasanayambe sukulu, ndipo Verna, mlongo wake wa Orval, anakatenga n'kupita nako ku Ohio. Verna anali mayi wa tchalitchi, wa mtima wabwino koma wa pakamwa pakuthwa, amene magazini a zikuto zamitundumitundu aja ankawagwira ndi zala ziwiri powaponya m'mbaula. Ndiye Orval anawauza kuti amagwira ntchito mu ofesi yosindikiza mabuku, yoona ngati mawu alembedwa molondola. Ankapitako pa Khirisimasi akapeza ya sitima. Ankakhala pabalaza pa Verna chipewa chili pamawondo, n'kumuyang'ana mwana wake, n'kunena kuti wakula. Kenako ankafunsa za sukulu. Zikatero mawu ankamuthera, n'kuyamba kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Tangoganizani, munthu wogulitsa mawu milu ndi milu, kusowa ochepa okha opatsa mwana wake aulere!

M'chaka cha 1937, chisanu chitangotha, Verna anamwalira. Nelda, amene tsopano anali namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anatumiza uthenga woti akubwera ku New York. Orval anasiya nkhani ya zigawenga za panyanja sitima ikuyaka moto, n'kutsika kukalankhula ndi mwini nyumba. Anachita lendi chipinda choyandikana ndi chake. Anachipaka yekha penti wachikasu, atakwera pampando, dzanja limodzi litagwira khoma, thukuta lili kamukamu. Anagula makatani, kabedi, ndi makapu awiri ofanana. Anakamupezera Nelda malo pa sukulu ina yophunzitsa atsikana ntchito za mu ofesi. Wosoka nsapato wa pansi uja anamufunsa ngati akukwatira, ndipo Orval anaseka, chinthu chimene mkuluyo anali asanachionepo. Zimene ankafuna sizinali zambiri. Mwanayo akhale, basi. Azimva munthu akutsokomola kuseri kwa khoma, azidya moyang'anizana ndi nkhope yosakhala yake.

M'sitima munatsika mtsikana wamtali kuposa bambo ake, atavala buluku ngati mnyamata, manja ali ndi timabala ta mawaya. Orval ponyamula sutikesi anapeza ikulemera ngati muli njerwa. Atafika kunyumba, Nelda anayang'ana chipinda chachikasu chija, n'kugwira katani. Kenako anatsegula sutikesi. Zovala zinali pang'ono chabe. Kwinako kunali magazini okhaokha, okutha m'makona, ena omangidwa ndi ulusi, onse a Kaputeni Corley.

Anafotokoza akuseka kuti ankawawerengera m'khola la nkhuku kuopa azakhali ake, kuyambira ali wamng'ono. Anati kwa zaka ziwiri wakhala akutsuka ndege pa kabwalo ka kunja kwa tauni yawo, malipiro ake n'kuphunzitsidwa kuyendetsa, ndipo chaka chatha anauluka yekha, azakhali akuganiza kuti ali ku kwaya. Tsono kagulu kena ka ochita zionetsero za ndege, kamene kankapita ku Texas, kanali katamulonjeza malo. Ayambe ndi kugulitsa matikiti ndi kupinda maparachuti, kenako adzamupatsa ndege. Basi yokakumana nawo inali yonyamuka Lolemba la sabata yotsatira. Orval anangokhala pakabedi katsopano kaja, mutu utaima, magazini imodzi ili m'manja. Inali nkhani imene anailemba dzino likumupweteka, ndipo sankakumbukira mmene inathera.

"Chipinda ndachiona, adadi," anatero Nelda, kuseka kutatha. "Ndaonanso kuti mwapenta nokha, penti wina akadali kuseri kwa khutu lanu. Ndiye mtima wanga uli pawiri. Lamlungu Kaputeni Corley adzakhala pa chionetsero ku Long Island. Ndikawafunsa. Aja sanama. Akakati khala, ndikhala."

Masiku amene anatsatira, Orval sanadziwe kuti asangalale kapena alire. M'mawa Nelda ankakazinga mazira pa kachitofu akuimba nyimbo molakwitsa, ndipo makapu onse awiri ankagwira ntchito. Mapepala ake Orval anawabisa pansi pa bedi, za makinawo anati ndi ntchito ya ku ofesi imene amabwera nayo kunyumba. Anthu a m'nyumbamo anadabwa kumva makina akuima pakati pa m'mawa. Anali Orval atasiya zala m'mwamba, akumvetsera mwana wake akuyendayenda kuseri kwa khoma. Tsiku lina anapita naye ku kalesitilanti ka pakona kaja, ndipo kwa nthawi yoyamba sanakhale pakauntala, anapempha tebulo. Kumeneko anayesa kumuuza kuti ndege n'zoopsa, anthu amafa nazo. Anangonena choncho basi, mawu ouma gwa, maso ali m'mbale. Nelda anamusisita padazi n'kunena kuti adadi inu mumaopa ndi chikepe chomwe.

Lachisanu anapita kwa Dugan. Mu ofesi munali utsi ndi zithunzi za pachikuto zotsamira kukhoma, zikudikira nkhani zake. Dugan anali munthu wonenepa, wosachotsa chindudu pakamwa ngakhale chitazima. Orval anafotokoza zonse ataimirira, n'kupempha kuti amulole auze mwanayo zoona.

"Aise Petrik, wapenga? Mwana wako auza mnzake, mnzakeyo auza wa nyuzipepala, mawa tonse tikugulitsa maapozi mumsewu." Dugan anamuyang'ana kuyambira padazi mpaka kunsapato. "Komanso tadziyang'ana pagalasi. Ukamuuza kuti Kaputeni Corley ndiwe, angokakugulira mankhwala a mutu."

Orval anatembenuka kuti azipita. Koma Dugan sanali munthu woipa, nayenso anali ndi ana aakazi, ndipo anamuitana ali pakhomo.

"Iwe, nzeru unazisiya m'makina? Kaputeni amalankhula chiyani chimene sunamulembere ndiwe? Kalembe zoti amuuze mwanayo, Tollefsen aloweza. Muopseze mpaka asadzayang'anenso kumwamba. Koma amuuzire pambali, wamva? Usandiphere malonda."

Loweruka m'mawa, Nelda atapita kukaona mzinda, Orval anakhala pamakina ndi cholinga chimodzi, kumuopseza mwanayo. Zida anali nazo zokwanira. Imfa zonse za mumlengalenga ankazidziwa, zina anamva kwa amakaniko, zina anadula m'manyuzipepala. Anayamba pang'onopang'ono, monga bambo amene akulankhula ndi mwana wake. Koma atalemba mizere iwiri zala zinagwira njira yake yakale, makina anayamba kulira mmene ankalirira masiku onse, ndipo amene ankalankhula tsopano anali Kaputeni. Tsamba linadzaza khofi asanazizire. Analisolola, kulipinda, kuliika m'thumba, n'kuvala chipewa.

Abale, kuwerenganso katsamba kamodzi kukanamupha? Tsiku limodzi lokha, nkhani yake ya mwana wobala yekha! Koma dzanja linali litazolowera, linapinda pepala mutu usanaganize.

Orval anamupeza Tollefsen kuhotela akumeta ndevu. Anawerenga tsambalo thovu lili kumaso, anaimba kamluzu, n'kufunsa ngati izi ndiye zoopsezera mtsikana. Orval anati inde. Tollefsen anamuyang'ana kanthawi ngati akufuna kunena chinachake, kenako anangokweza mapewa, nati iye ntchito yake n'kuloweza.

Lamlungu kunatentha. Bwalo la chionetsero linali fumbi lokhalokha, fungo la mafuta ndi la soseji zowotcha, ana akulirira mbuliwuli, ndege zikupidiguka mumlengalenga anthu n'kumakuwa. Orval sanayang'ane kumwamba ngakhale kamodzi. Anaima pamzere ndi mwana wake, pakati pa anyamata a magazini m'manja, kudikira kuti munthu wina asayine nkhani zake. Atafika kutsogolo, Tollefsen anamuyang'ana Orval ngati sakumudziwa, anamvetsera funso la Nelda, n'kumutengera pambali, pamthunzi wa phiko la ndege. Orval anatsatira chapatali atanyamula jekete la mwana wake, n'kuima pamene akanatha kumva.

Kunena zoona, kuloweza Tollefsen ankakutha. Anatsitsa mawu, maso ali kutali.

"Kumwamba kuja sikukonda munthu, mtsikana. Anzanga ambiri ndawaika m'manda, ena bokosi lake lopepuka chifukwa zotola zinali zochepa. Tsiku lina nkhungu idzakutsekera, mafuta akutha, pansi posaoneka, ndipo ukadzaitana palibe adzayankhe. Udzakhala wekha kuposa mmene munthu amakhalira yekha pansi pano. Manja adzakuuma, m'kamwa mudzawawa. Ndiye udzakweza ndege, n'kukwerabe, n'kukwerabe, mpaka nkhungu ija idzang'ambika, ndipo udzatulukira padzuwa, pamwamba pa dziko loyera lopanda phazi la munthu. Ukadzaona zimenezo palibenso nyumba imene idzakukwane. Ngati ukufuna kudzakalambira pampando wa pakhonde, bwerera, palibe angakuseke. Kumwamba kuja ndi kwa anthu amene..."

Apa anaiwala. Anakanda chipsera chake, ndipo mwamwayi wake wina anamuitana pa chimkuzamawu. Anamugwira Nelda paphewa n'kumapita, sikafu ikuuluka.

Aka kanali koyamba Orval kumvetsera mawu ake kuyambira poyamba, ngati munthu wina. Imfa zonse zinalimo, panalibe bodza. Koma iye sankadziwa kulemba nkhungu yopanda dzuwa kuseri kwake, poti zaka zonsezi Dugan sanagulepo nkhani yothera pansi. Ngakhale pamene Kaputeni ankati bwerera, zinkamveka ngati akumuputa munthu kuti alimbe mtima. Mawu amene anafunika, akuti usapite mwana wanga, munalibemo. Anali atatchera msampha n'kuikamo nyambo yabwino kuposa zonse zimene analembapo.

Nelda anabwera nkhope ikuwala, misozi ili m'masaya. Anati palibe munthu amene analankhulapo naye choncho, osabisa kanthu, osamutenga ngati mwana. Anati apita. Anapepesa za chipinda, za makatani, za sukulu ija, ndipo Orval anangomupatsa jekete lake.

Pa sitima yobwerera anadzitukwana mumtima njira yonse, chitsiru cha munthu, galu wa senti imodzi. Pofika kunyumba anali atatsimikiza. Dugan achite zimene angachite, mawa amuuza mwanayo zonse. Amugwetsera Kaputeniyo pansi monga anagwetsera ena onse aja. Amuuze kuti nkhondo ija inamenyedwa ndi munthu wa masilipasi, kuti chipsera n'cha bulu, kuti dzuwa la pamwamba pa nkhungu iye analimva kwa makaniko wina atamugulira khofi. Mwanayo akamunyoza, amunyoze, bola azimunyoza ali kuseri kwa khoma.

Lolemba m'mawa anadya mazira awo mwakachetechete. Orval anatsegula pakamwa kangapo, n'kungolowetsamo buledi. Anafika pa depoti ya mabasi asananene kanthu. Anakhala pa benchi, sutikesi ili pakati pawo, anthu akudutsa ndi akatundu awo, utsi wa mabasi ukulowa pakhomo. Nelda ankangobwereza mawu a dzulo aja chapansipansi, kuti asawaiwale.

"Chimene chikundiwawa n'choti sanamalize," anatero. "Ndi kwa anthu amene atani? Ndidzafa osadziwa."

Orval anayang'ana nsapato zake, n'kumaliza mawuwo.

"Amene akanakhala pansi akanafa ndi kuyang'ana kumwamba."

Nelda anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndinalemba ndine," anatero Orval. "Za dzulo zija. Ndi za m'sutikesimu zonse."

Sanakhulupirire msanga, ndipo ndani akanamudzudzula? Anamufunsa dzina la makaniko wa Kaputeni, uja wa mwendo umodzi, ndipo Orval anayankha. Anati zimenezo aliyense wowerenga akudziwa. Anamufunsa za nkhani ina yakale, imene Kaputeni ananyamula mankhwala kudutsa mapiri a chisanu kukapereka kwa mwana wodwala, nati kodi mwanayo anali ndani, poti dzina lake silinalembedwe. Orval anati imeneyo anailemba chaka chimene Nelda anadwala chibayo, iye ali kuno wopanda ya sitima. Nelda anayang'ana manja a bambo ake, nsonga za zala zophwatalala, zakuda ndi inki ya makina otayipira, ndipo Orval anaona kuti wakumbukira phokoso lija la kuseri kwa khoma.

Anakoka mpweya kuti anene zotsalazo. Anayamba ndi kuti iye sanakwerepo ndege.

"Zimenezo ndikudziwa, adadi," anatero Nelda, akuseka ndi kulira pamodzi. Anagwira dzanja lake ndi manja onse awiri. "Ndiye kuti zaka zonse zija m'khola la nkhuku, amene munkandilankhula munali inu. Ine ndinkaganiza kuti mulibe nane mawu. Pa Khirisimasi mukangoti wakula n'kuyang'ana wotchi, ndinkapita kuseri kukalira."

Mwanayo ankamuyang'ana Orval mmene anayang'anira Tollefsen dzulo pansi pa phiko, mwinanso kuposa pamenepo.

"Ndiye dzulo lija munandilola ndinu, eti adadi? Ine ndadzuka lero ndikuganiza kuti ndikukuthawani."

Liwu lija linali pakamwa, lalifupi, losavuta kutchula: khala. Akanalinena mwina akanakhaladi, poti anali mwana womvera ndipo anali atalonjeza kuti Kaputeni akati khala akhala. Kaputeniyo ndiye anali pa benchi pomwepo. Koma akanalowa m'chipinda chachikasu chija ndi nkhope ina, ndipo Orval anali atadikira moyo wonse wa mwanayu kuti adzamuyang'ane chonchi. Anagwedeza mutu kuvomera.

Basi ija inaitanidwa. Orval ananyamula sutikesi mpaka pakhomo pake. Anamuuza kuti azivala zofunda chifukwa kumwamba kumazizira, ndipo Nelda anati paliponse pamene adzatere adzayamba wagula magazini. Anamupsompsona padazi n'kukwera. Woyendetsa basi anayang'ana Orval n'kufunsa ngati akupita onse awiri.

"Mmodzi yekha," anatero Orval.

Basi inabwerera m'mbuyo, inakhota, n'kulowa m'chigulu cha magalimoto. Orval anatsala atakweza dzanja, osalitsitsa, mpaka wosesa pa depoti anamupempha kuti asunthe pang'ono asese pamene anaimapo.